Tsiku limene ndinachedwa kuzimitsa jenereta

Ana anga, mutu uno ndikuulemba ndi mkwiyo, ndipo sindibisa. Mwezi wathawu, pa ukwati wa kwa alongo anga, ndinamva mkulu wina wa imvi ngati zangazi akuuza achinyamata kuti sewero la woimba wina wotchedwa Lino linatha ndi chipolowe chifukwa anthu a ku Dedza anakana nyimbo za gitala ya magetsi. Mkuluyo tsiku limenelo kunalibe, ankagwira ntchito ku Zomba. Ine ndinalipo, makiyi a holo ali m'thumba mwanga. Mapepala a nkhaniyi ali m'sutikesi yabuluu imene amayi anu akhala akufuna kuitaya kuyambira kalekale. Chilolezo chilimo, pulogalamu ilimo, kalata yondisamutsa ilimo. Koma zimene zinachitika m'holomo palibe anazilemba, n'chifukwa chake ndakhala pansi.

Ku Kaphuka, kenaka pa Boma

Nditatsiriza maphunziro a zachitukuko cha m'midzi, dziko lathu linali litangoyamba kudzilamulira. Ananditumiza ku Kaphuka kukaphunzitsa akuluakulu kuwerenga ndi kulemba. Choko chinkabwera mwa apo ndi apo, kotero tinkalemba ndi makala pa chitseko chakale chimene ndinachitsamiritsa ku mtengo wa mapichesi. Njinga ya ntchito inafika ilibe tcheni, ndipo makope a makalata amene ndinalemba opempha tchenicho ndikadali nawo. Tcheni sichinabwere. Chabwino chimene ndinapeza ku Kaphuka ndi amayi anu.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anandisamutsira pa Boma la Dedza kuti ndiziyang'anira holo ya anthu onse. Inali nyumba yaitali ya njerwa, denga la malata, mawindo ambiri opanda magalasi. Nyengo yozizira mphepo ya m'phiri inkalowera uku n'kutulukira uko, anthu n'kumaonera kanema wa zaulimi atafunda mabulangete. Magetsi munalibe. Tinkabwereka jenereta kwa anthu a zamathabwa a m'phirimo, ndipo ndinaimangira kashedi ka malata kuseri kwa holo, pafupi ndi zenera la mbali imene kunkakhala amayi. Ndinkaipukuta ndekha Lachisanu lililonse. Bwana wanga anali a Kaliwo, munthu wamfupi, wolankhula motsitsa ngati wodwala pakhosi. Tsiku loyamba anandiuza kuti, "Bambo Chimphanje, kuno ntchito ndi yosavuta. Mpando wa kutsogolo ndi wa a Tcheyamani a chipani, ngakhale asabwere. Zina zonse mudziona ndi maso, pakamwa padzikhala potseka."

Inu munafika pa uchikulire zinthu zitayamba kusintha, ndiye mundimvetse. Chipani chinali chimodzi, ndipo wopanda khadi lake sankalowa mumsika kapena m'basi. Koma choopsa sichinali khadi. Amene ankasaina pepala lotibwereka jenereta anali a Mbewe, kalaliki wa kumathabwa, munthu wa nthabwala ndi wokonda mpira. Tsiku lina m'mawa galimoto yobiriwira inaima pa ofesi yawo, amuna awiri ovala majekete analowa, ndipo a Mbewe anatuluka nawo. Chimene analakwa sindichidziwa mpaka lero. Munthu akatengedwa chotero, dzina lake linkapita naye limodzi. Sunkafunsa kumene ali, sunkamutchula, ndipo koposa zonse sunkamulira, chifukwa kumulira kunali ngati kunena kuti boma lalakwa. A Kaliwo anandiuza kuti nditenthe mapepala onse amene a Mbewe anasainapo. Sindinatenthe. Pepala la boma silitenthedwa popanda pepala lina lolamula kutero.

Akazi awo, mayi Nangozo, anawatulutsa m'nyumba ya ntchito. Anayamba kugulitsa mbatata ya kachewere pa msika kuti alere mwana wawo Rozina. Chaka chinatha, china chinayamba. Manong'onong'o anamveka kuti a Mbewe anamwalira kundende, koma panalibe mtembo, panalibe uthenga, panalibe siwa. Mayiwo ankangokhala kuseri kwa milu ya mbatata, maso ouma gwa, anthu akugula mothamanga osapereka moni wautali. Inenso ndinkagula mothamanga, pakuti ndinali ndi banja.

Chaka chimene Lino anabwera kuchokera ku Halale

Lino Chagwa anali mwana wa kuno, wa kumudzi wina wa m'malire. Anapita ku Halale ali wamng'ono, ndipo anabwerako ndi gitala ya magetsi, chimkuzamawu chachikulu ngati bokosi la zovala, ndi tsitsi lotukumuka ngati dengu lovundikira. Tsitsi lotere linali loletsedwa, choncho ankalipanikiza m'chipewa cha ulusi, ndipo kuzizira kwa Dedza kunkamuikira kumbuyo. Ankaimba nyimbo zimene eni ake ankati za roko m'bala ina ya m'mbali mwa msewu waukulu. Anthu anamupatsa dzina loti Magetsi. Ine ndinali wa kwaya ya kuparishi, ndipo kwa ine zimenezo sizinali nyimbo koma phokoso la malata pa mphepo. Tsiku lina anatulukira pa khomo la kaofesi kanga.

"Odi, achikulire! Eni ake a nyumba yozizirayi ndinu?"

"Nyumbayi ndi ya boma. Mukufuna chiyani?"

"Ndikufuna ndiitenthetseko."

"Dansi sitilola muno. Mabenchi anatha kuthyoka."

"Si dansi ayi. Ndalemba sewero. Koma anthu ake salankhula, amangoimba, kuyambira poyamba mpaka pothera."

"Munaona kuti munthu akukangana ndi mkazi wake moimba?"

"Kutchalitchi kwanu kuja bambo mfumu akati aimbe, inu simuyankha moimba?"

Ndinamuuza kuti asachite chipongwe ndi zinthu zopatulika. Iye anangoseka, n'kusiya mulu wa mapepala pa tebulo panga, olembedwa ndi pensulo, opanda ngakhale manambala a masamba. Ndinapita nawo kunyumba n'cholinga choti ndipezemo chifukwa chomukanira. Chimene chinandikwiyitsa n'chakuti seweroli linali labwino. Linkanena za mnyamata wotchedwa Zuze amene asiya mkazi wake n'kupita ku migodi ya ku Joni. Mgodi umugwera, ndipo kumudzi angobweza jekete lake. Anthu a m'mudzi aika m'manda jeketelo. Amalume anga enieni anapita ku Joni osabwerako, ndipo m'dera lathu ndi mabanja ochepa amene analibe nkhani yotere.

Mbiri itamveka kuti Magetsi walemba sewero, anthu onse a pa Boma anatekeseka. Amayi a pa msika ankati, "Uja wa m'bala uja? Ndiye kuti mawa bakha alalikira." Aphunzitsi a ku sekondale ankati sewero limalembedwa ndi munthu wa satifiketi. Achinyamata okonda nyimbo zake nawonso anakhumudwa, ankati wagulitsa gitala kwa amayi a mpingo. Mkulu wa kwaya yathu anakana kupereka atsikana, koma mwana wake yemwe, Sesiliya, analira mpaka anamulola kutenga mbali ya mkazi wa Zuze. A Tcheyamani anandiitana n'kufunsa funso limodzi lokha: "Nyimbo yotamanda ilimo?" Lino anaika imodzi poyambirira.

Ndinalitaipa ndekha sewero lonse, ndinaika manambala a masamba, n'kulitumiza ku Blantyre kumene ankaunika masewero. Linabwerako ndi chidindo pa tsamba lililonse. Anachotsamo mzere wina wotchula maondo a mkazi, ndipo tambala amene amayi a Zuze anamuphera potsanzikana anatilamula kuti akhale bakha, poti tambala anali chizindikiro cha chipani. Koma maliro a jekete sanawakhudze. Ndikubwereza, ana anga, chifukwa pambuyo pake ena ananena kuti tinazembetsa: tsamba la maliro lili ndi chidindo, ndipo aliyense wofuna kuliona abwere.

Loweruka la sewero

Unali mwezi wa Julayi, nkhungu itaphimba phiri mpaka pakati. Tinayamba masana chifukwa petulo anali wochepa ndipo misonkhano ya mdima inkafuna chilolezo china. Holo inadzaza mpaka m'mawindo. Anthu anakhala monga amakhalira m'tchalitchi, abambo mbali iyi, amayi mbali iyo. A Tcheyamani anakhala kutsogolo kwa abambo, akazi awo kutsogolo kwa amayi, ndipo achinyamata a chipani anaima pa khomo lalikulu ndi ndodo zawo. Ine ndinaima pa khomo laling'ono la mbali ya amayi kuti ndizimva jenereta. Mayi Nangozo analowa mochedwa, nakhala pa benchi ya kumbuyo, pafupi ndi pamene ndinaima.

Gitala italira koyamba, nkhalamba zinagwira makutu. Khanda lina linayamba kulira, ndipo agogo ena a Chingoni anadzuka ndi ndodo yawo n'kutuluka akudandaula kuti sanabwere kudzagonthetsedwa. Anaima panja pang'ono, kenaka anabwerera. Pofika nyimbo yachitatu anthu anali ataiwala kuti amadana ndi Magetsi. Anthu athu saonera sewero ali chete ngati azungu, amalowa momwemo. Zuze atatambasula dzanja kuti adinde chala pa pepala la ku mgodi, mkulu wina amene anagwirako ntchito ku Joni anaimirira n'kukuwa, "Usadinde, mwana iwe! Akunama ameneyo!" Holo yonse inafa nacho chiseko, koma mkuluyo sankaseka. Mwamuna wina wa m'seweromo atabwera kudzanyengerera Sesiliya mwamuna wake ali kutali, amayi anamukuwiza, "Choka apa, fisi iwe! Tikudziwa kwanu!" ndipo wina anamugenda ndi chitsononkho. Ngakhale a Tcheyamani ankagwedeza mutu motsata ng'oma. Phazi langa nalonso linandichititsa manyazi, ndinalipeza likugunda pansi.

Kenaka anafika maliro. Amuna anayi analowa atanyamula mphasa, pamwamba pake pali jekete lakuda. Lino anatsitsa gitala mpaka inkamveka ngati munthu akusisima m'chipinda. Sesiliya anagwada, anadziphimba chitenje kumutu, nayamba kubuma. Apa ndi pamene Lino analakwitsa, ngati kunali kulakwitsa. Nyimboyo anaipeka ndendende monga amalirira amayi a kuno: kuyamba pansipansi, kukwera, kutchula womwalirayo, kumufunsa mafunso amene sangayankhe. Anali atakhalitsa ku Halale, kumene mwina anthu amaonerera maliro a pa nsanja n'kuomba m'manja. Anaiwala kuti kwathu kuno mayi akamva mnzake akubuma sakhala chete. Inenso, amene ndinataipa tsambalo ndi zala zanga, sindinaganizeko.

Ndinaona mayi Nangozo akuyamba kugwedezeka, kutsogolo ndi kumbuyo. Anakoka chitenje n'kudziphimba kumutu. Mawu awo anayamba pansi, koma ine amene ndinali pafupi ndinawamva bwinobwino.

"Abambo a Rozina ine! Anzanu awabwezera jekete, ine andibwezera chiyani? Galimoto ija inakusiyani kuti, abambo a Rozina? Andipatse ngakhale nsapato ndikakwirire ine, mayo!"

Amayi amene anali pafupi anauma ngati mitengo. Mawuwo ankakwera, ndipo ndinadziwa kuti akangokwera pang'ono afika ku mipando ya kutsogolo. Mayi wotchula galimoto ija pagulu, pamaso pa a Tcheyamani, sakanagona kunyumba kwake, ndipo Rozina akanatsala yekha.

Lino anaima ku mapeto a nsanja, mbali yomweyo ya amayi, ndipo anamva. Ndinamuona akutembenuka, akupotokola kabatani ka chimkuzamawu mpaka pothera, n'kuponda pansi kuti woimba ng'oma amutsatire. Chimene chinatuluka m'gitala ija sichinali pa tsamba lililonse la zimene ndinataipa. Chinali chiphokoso chija ndinkadana nacho, chokuwa, chong'amba makutu, malata a denga mpaka kunjenjemera. Mawu a mayi Nangozo anamira m'menemo. Unkaona kuti kumbuyo wina akulira, koma zimene akunena sunkazimva.

A Tcheyamani anaimirira, anayang'ana kumbuyo, kenaka anandikodola. Ndinadutsa pakati pa mabenchi. Anandigwira kolala n'kundikuwira m'khutu.

"Chimphanje! Kazimitseni chimakina chanucho!"

"Sewero silinathe, bwana."

"Ndati kazimitseni! Pali wina akulira kumbuyoko ndipo sakulira za sewero. Ndikufuna ndimve akutchula ndani."

Ndinatuluka pa khomo laling'ono, ndinalowa m'kashedi, ndinagwira chozimitsira. Chinali chofewa, ndinali nditathira mafuta dzulo lake. Kungochikankha ndi chala chimodzi, gitala ikanafa nthawi yomweyo, ndipo m'holomo mukanatsala mawu amodzi okha. Ndinaganiza za amayi anu, amene panthawiyo anali oyembekezera iwe Tereza. Ndinaganiza za nyumba ya ntchito, ndi za galimoto yobiriwira itaima pa khomo pathu. Pa moyo wanga wonse ndinali ndisanakanepo lamulo la wamkulu. Ndinalibenso nzeru ina iliyonse, musaganize kuti ndinali nditakonza kanthu. Dzanja langa linangokana. Ndinaima pamenepo, jenereta ikugunda m'mawondo mwanga, ndikusuzumira pa zenera lopanda galasi lija.

Mayi wina wachikulire amene anakhala pambali pa mayi Nangozo, wogulitsa nandolo, anawakumbatira ndi dzanja limodzi. Ndinaganiza kuti awatseka pakamwa. M'malo mwake anakoka chitenje chake, nadziphimba, nayamba kulira mwana wake amene anamwalira ndi chikuku. Wina kutsogolo kwawo anachita chimodzimodzi. Kenaka wina. Zitenje zinkakwera kumutu benchi ndi benchi, kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, monga moto umayendera m'udzu wa m'phiri. Kaya ena ankadziwa chimene ankabisa, kaya ankangochita zimene mayi aliyense amachita pa siwa, sindingathe kunena. Maliro n'kulirana.

A Tcheyamani anatulukira pa khomo laling'ono, nkhope itatupa.

"Iwe! Wagontha?"

Anali asananditchulepo kuti iwe.

"Ndamva, bwana."

"Nanga ukudikira chiyani?"

Maso anga anali pa zenera. A Tcheyamani anayamba kubwera kumene ndinali, akupunthwa pa njerwa zimene zinali pamenepo, ndipo ndinamva fungo la fodya wawo. Nthawi yomweyo, kutsogolo kwenikweni, ndinaona akazi awo akukoka chitenje chawo cha chipani n'kudziphimba kumutu. Anali ataika mwana wawo wamwamuna dzinja lapitalo. Pamenepo ndinakankha chozimitsira.

Gitala inafa. Koma chete amene a Tcheyamani ankafuna sanabwere. M'holo monse munali mayina. Uyu akuitana mwamuna wake wa ku mgodi, uyo akuitana mayi ake, wina mapasa ake, ndipo pamwamba pa onse, poti anali ndi mawu amphamvu ozolowera kutsogolera nyimbo pa misonkhano, pankamveka akazi a a Tcheyamani akuitana mwana wawo. Mayi Nangozo ankalirabe, ndikudziwa, koma ngakhale ine sindikanatha kuwasiyanitsa. Abambo anavula zipewa n'kuwerama monga amachitira pa siwa. Achinyamata a pa khomo anatsitsa ndodo, osadziwa womugwira. A Tcheyamani anaima pa khomo laling'ono, pakamwa pali yasa.

Zinatha monga amathera maliro, pang'onopang'ono. Katekisiti wina anayambitsa nyimbo ya akufa, anthu anailandira, kenaka anayamba kutuluka. Palibe anaomba m'manja, chifukwa pa maliro saomba m'manja. Ambiri anadutsa kutsogolo, kumene Sesiliya anali chigwadire pafupi ndi jekete, n'kumamupatsa dzanja akunena kuti, "Pepani, pepani," mtsikanayo n'kumayankha kuti zikomo. Mkulu wa ku Joni uja anapita kwa Lino, anamuyang'ana nthawi yaitali, nati, "Chiphokoso chako n'choipa, mwana iwe. Koma walira bwino." Chipolowe chimene mkulu wa ku ukwati uja ankanena n'chimenechi. Benchi ngakhale imodzi sinathyoke, ndinaziyendera ndekha.

Lolemba lotsatira

M'mawa a Kaliwo anandipeza ndikusesa m'holo. Ananong'ona kuti, "Akutifuna ku ofesi ya chipani. Mukanene kuti chozimitsira chinalimba. Makina akale amatero." Ndinasiya tsache, tinapita.

A Tcheyamani sanatipatse mpando.

"Anayamba kulira ndani?"

"Pamene jenereta inazima, bwana, ankalira ndi onse," ndinatero.

"Sindikufunsa pamene inazima. Unaima mbali imeneyo."

Ndinayang'ana pansi. A Kaliwo, munthu amene ankaopa ngakhale mthunzi wake, anakhosomola n'kunena motsitsa kuti, "Ngati pafunika lipoti, bwana, tilemba. Koma akuluakulu kumwambako sadzalandira dzina limodzi pamene holo yonse inamva amayi onse akulira. Adzafuna onse, kuyambira mpando wa kutsogolo."

A Tcheyamani anasuntha mapepala amene anali pa tebulo, anawabwezeranso pamene anali. Za amayi sanazitchulenso. Koma mkwiyo wawo unkafuna potera.

"Nanga uyu anachedweranji nditamulamula?"

"Chozimitsira, bwana," anayamba a Kaliwo.

"Chozimitsira chinali bwino," ndinatero. "Ndinachedwa ndine."

"Chifukwa?"

"Ndinachedwa basi, bwana."

Mwina mudzati kunali kupusa. Amayi anu anatero, ndipo amaterobe. Koma sindikanalola kuti zilembedwe m'fayilo ya boma kuti makina amene ndinkawasamala ine anakanika kuzima. Titatuluka, a Kaliwo sanandiyang'ane mpaka tinafika pa mtengo wa mkungudza wa pa ofesi yathu.

"Bambo Chimphanje, ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha."

"Sichinalimbe, bwana."

"Ndikudziwa kuti sichinalimbe! Pitani mukayambe kumanga katundu. Ku chigwa cha Shire kukusowa munthu. Kalata ndiitaipa lero lomwe, a Tcheyamani asanaimbe lamya kumwamba. Kumeneko n'kotentha ndipo udzudzu wake ndi wonga nkhuku, koma n'kwabwino kusiyana ndi kumene anapita anzathu aja."

Chiyambire nkhani ya mapepala ija, aka kanali koyamba kuwamva akutchula a Mbewe, ngakhale mwa njira yotero.

Achinyamata a chipani anamugwira Lino tsiku la msika. Sakanamuimba mlandu wa sewero poti linali ndi chidindo, ndiye anamuvula chipewa. Anamukhazika pa thumba la mbatata pakati pa msika n'kumumeta ndi lezala wouma, wopanda madzi kapena sopo, anthu akuona. Chimkuzamawu anachilanda. Ndinakumana naye pa depoti ya basi madzulo ake, akupita kwa abale ake a m'malire, mutu uli mabala okhaokha. Ndinayamba kumupepesa, ndikunena kuti ndilemba kalata yodandaula chifukwa kulanda katundu popanda risiti n'kuphwanya lamulo. Iye anaseka mpaka anagwira m'nthiti.

"Achikulire, inu ndi makalata anu! Musadandaule. Kodi maliro akatha anthu sameta? Anyamatawa angotithandiza mwambo."

Kalatayo ndinalembabe. Kope lake lili m'sutikesi.

Tsiku lonyamuka

Lole imene inatinyamula inaima pa msika kuti dalaivala agule fodya. Ine ndi amayi anu tinali pamwamba pa katundu, pakati pa bedi ndi mpando. Kunkazizira, ndipo anthu ambiri amene ndinkawadziwa ankadutsa ngati sakutiona. Sindinawaimbe mlandu, inenso ndinkadutsa chotero.

Mayi Nangozo anachoka pa milu yawo n'kubwera ku lole, atanyamula mbatata m'kansalu. Sanathamange ndipo sanayang'ane uku ndi uku. Anapereka mbatatayo kwa amayi anu ndi manja awiri. Chiyambire kutengedwa kwa amuna awo ndinali ndisanawaonepo akuyang'ana munthu m'maso, koma tsiku limenelo anandiyang'ana. Kenaka anakweza dzanja ngati akukonza duku, n'kulikankhira m'mwamba pang'ono pamwamba pa khutu. Tsitsi panalibe. Anali atameta mpala, monga amachitira namfedwa maliro akatha. Anabwezera dukulo msanga.

"Muyende bwino, abambo," anatero. "Ife kuno tatsiriza."

Dalaivala analiza injini. Amayi anu, amene anali asanandilankhule kuyambira Lolemba lija, anafumbata mbatatayo pamimba pawo, nandigwira dzanja mpaka tinatsika phiri.

Kalata ya a Kaliwo imati ndinasamutsidwa chifukwa cha kuchedwa pa ntchito. Ndagwira ntchito ya boma mpaka kupuma, m'maofesi a mabwana abwino ndi oipa, ndipo mukhoza kufufuza m'mafayilo onse. Tsiku limene ndinachedwa ndi limenelo lokha, ndipo sindinapepesepo.